Maziro asanu ndi anayi pa gulu la Ana a ku Dedza ndi Ntcheu

Make Chisomo: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Aphunzitsi Mbewe, ngati foni ili pafupi ndithandizeni. Chisomo wabwera ndi homuweki ya fizikisi, ali fomu 3. Funso loyamba akuti asinthe makilomita 2.4 akhale mamaikulomita. Lachiwiri asinthe mananomita 450 akhale mamilimita. Pa loyambalo iye wapeza 2,400,000, bambo ake akuti 24,000,000, ndipo akangana mpaka nsima yazizira. Ine ndangokhala chete poti za sukulu ndinaziiwala kalekale.

Yohane wa Kabaza: Ine kilomita ndimaidziwira m'miyendo, mayi. Zinazo aphunzitsi abwere 😂

Aphunzitsi Mbewe: Ndaswera bwino, Make Chisomo. Onse awiri aphonya, koma mwanayo ali panjira yabwino kuposa bambo ake. Muuzeni asadumphe kuchoka pa kilomita n'kukatera pa maikulomita kamodzin'kamodzi. Ayende pang'onopang'ono, ndipo aime kaye pa mita.

Kilomita imodzi ndi mamita 1,000. Ndiye 2.4 km ndi mamita 2,400.
Mita imodzi ndi mamilimita 1,000. Ndiye tafika pa mamilimita 2,400,000.
Milimita imodzi ndi mamaikulomita 1,000. Yankho ndi 2,400,000,000.

Chisomo anaima pa milimita n'kuganiza kuti wafika. Ku MANEB amakonda kuti alembe mwachidule, 2.4 × 10⁹ µm (µm ndi chidule cha maikulomita). Ka 9 kali pamwambako kachokera pa kuchulukitsa ndi 1,000 katatu, maziro atatuatatu.

Make Chisomo: Wagwira pakamwa. Akuti nanga lachiwirilo achulukitsenso?

Aphunzitsi Mbewe: Ayi, pamenepo ndi pamene ana ambiri amagwera. Asanagwire cholembera adzifunse kuti, kodi muyeso womwe ndikupitawu ndi waukulu kapena waung'ono kuposa womwe ndili nawo? Nanomita ndi yaing'ono kwambiri kuposa milimita. Ukamachoka pa kakang'ono kupita pa chachikulu, nambala iyenera kuchepa, ndiye umagawa. Mananomita 450 kugawa ndi 1,000 ndi mamaikulomita 0.45. Kugawanso ndi 1,000 ndi mamilimita 0.00045. Mwachidule 4.5 × 10⁻⁴ mm. Akapeza nambala yaikulu kuposa 450 adziwe kuti walowera kolakwika, ngakhale maziro atawawerenga bwino chotani.

Tiyamike (Labu): Aphunzitsi mwandikumbutsa kutali. Ndipo mananomita 450 (450 nm) sanangoilemba, ndi utali wa funde la kuwala kwa buluu. Maso athu amaona kuyambira cha pa 400 nm kukafika cha pa 700 nm. Chisomo akumbukire zimenezo, zimabwera.

Bambo Gama wa Matabwa: Koma inu anthu a sukulu mumakonda kuvutitsa ana. Ine zaka zonsezi ndikugwira matabwa kuno ku Dedza, palibe kasitomala anabwerapo n'kunena kuti ndikufuna thabwa la mananomita akutiakuti. Amati ndipatseni 2 by 4, ndipatseni 2 by 6, basi. Tepi yanga ili ndi mainchi mbali ina, masentimita mbali ina, ntchito ikuyenda.

Aphunzitsi Mbewe: A Gama, inu mumasintha miyeso tsiku lililonse, kungoti mutu unazolowera. Munthu akabwera ndi pulani ya nyumba yolembedwa 50 × 150, mumam'patsa chiyani?

Bambo Gama wa Matabwa: 2 by 6.

Aphunzitsi Mbewe: Ndiye mwasinthatu mamilimita kukhala mainchi pamenepo. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4 ndendende, inu mumangoti 25 kuti zisavute.

Bambo Gama wa Matabwa: Zimenezo ndavomera. Ndipo pa mapulani ndi pamene anyamata anga amandikwiyitsa. Mapulani amalemba chilichonse m'mamilimita osaika n'komwe mm pambali. Chitseko alemba 900 × 2100. Mnyamata wina anandifunsa kuti bwana, chitseko cha masentimita 900 chikalowa nyumba yanji? Ndinangomutumiza kuti akayeze masentimita 900 panja ndi tepi. Anabwera akuseka yekha, anapeza mamita 9, kutalika kuposa shedi yonse.

Nachisale wa ku Lizulu: Pepani ndilowerere, nkhaniyi yandifika pamtima. Ine ndimagulitsa kachewere, kabichi ndi tomato pamsewu pano pa Lizulu. Nkhani ya majumbo opyapyala ija amati oletsedwa ndi osakwana ma micron 60. Kodi micron ameneyu ndi m'bale wake wa maikulomita mukunenayu? Chifukwa ife timangogula kwa anyamata oyenda nawo, aliyense amati ake ndi ovomerezeka. Tsiku lina adzatilanda katundu tisakudziwa chomwe talakwa.

Tiyamike (Labu): Ndi chinthu chimodzi, achemwali. Ma micron 60 ndi mamilimita 0.06.

Nachisale wa ku Lizulu: 0.06 ndiye chiyani pa rula? Rula ya mwana wanga timizere take tating'ono kwambiri ndi mamilimita, pansi pake palibenso kanthu.

Yohane wa Kabaza: Mukawale nayo padzuwa jumboyo, mukaona nkhope ya kasitomala kuseri kwake ndiye kuti njoletsedwa 😂😂

Admin Soko: A Yohane, funso la Nachisale ndi lenileni, tisaliphe ndi nthabwala. Lamulo limeneli linabwera mu 2015, makampani opanga mapulasitiki anakalitsutsa kukhothi, ndipo mu 2019 khothi la Supreme linagamula kuti chiletso chikhalepo. Pambuyo pake nkhani inapitirirabe m'makhothi, n'chifukwa chake anthu ambiri sadziwa kuti zili pati. Koma nambala ya 60 sinasinthe.

Aphunzitsi Mbewe: Nachisale, rula yomweyo ikhoza kukuthandizani, bola musayeze jumbo imodzi. Kanthu kakachepa kwambiri moti rula singakaone, mumaunjika tambiri, n'kuyeza mulu wonse, kenako n'kugawa. Tengani majumbo 50 atsopano, osatsegula. Jumbo iliyonse ili ndi mbali ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndiye majumbo 50 ndi mapepala 100. Ngati pepala lililonse lili ma micron 60, mulu wonse ukhala 100 × 0.06, omwe ndi mamilimita 6. Muwapanikize zolimba kuti mpweya utuluke, ndipo muyeze pakati, osati m'mbali momwe jumbo inapindidwa kulowa mkati, chifukwa pamenepo mapepala amakhala anayi pa jumbo imodzi. Mukapeza mamilimita 6 kapena kuposerapo, muli bwino. Mukapeza 2 kapena 3, anyamata aja akukunamizani.

Nachisale wa ku Lizulu: Eee, zimenezi ndiye ndazimva. Ndiyesa ndikangotseka.

Tiyamike (Labu): Njira imeneyi muiyesenso pa rimu ya mapepala a fotokope kuti muikhulupirire. Rimu imakhala ndi mapepala 500 ndipo kukhuthala kwake ndi pafupifupi masentimita 5, omwe ndi mamilimita 50. Mukagawa 50 ndi 500 mupeza 0.1 mm, kutanthauza ma micron 100 pa pepala limodzi. Ndiye jumbo yovomerezeka ndi yopitirira pang'ono theka la pepala la fotokope.

Bambo Gama wa Matabwa: Nanga malata? Paja geji 28 ndi geji 32, anthu amathamangira 32 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye lata lolimba. Pomwe nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala. Ndafolerapo nyumba ya munthu ku Linthipe ndi malata oti ukaponda umamva akulira.

Aphunzitsi Mbewe: Geji ndi nkhani ina, siyenda ndi ma 1,000 athuwa. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa wogulitsa kuti latalo ndi la mamilimita angati. 0.3 ndi 0.4 aliyense angaone chachikulu.

Make Chisomo: Aphunzitsi, mwana wabweranso. Akuti bwanji sentimita mwaidumpha? Kupulaimale anawaphunzitsa km, m, cm, mm.

Aphunzitsi Mbewe: Ndinaidumpha dala. Mndandanda womwe asayansi amagwiritsa ntchito umayenda ndi 1,000 pa sitepe iliyonse. Kukwera kuchoka pa mita: kilo, mega, giga, tera. Kutsika: mili, maikulo, nano, piko. Sentimita ili pakati pa mita ndi milimita, ndipo imasokoneza chifukwa mita imodzi ndi masentimita 100, sentimita imodzi ndi mamilimita 10. Funso likabwera ndi masentimita, ayambe wawasandutsa mamita, kenako apitirize ndi ma 1,000. Mwana amene amawerenga sentimita ngati sitepe yathunthu amapezeka ndi maziro opitirira.

Ndipo maina a kumtundawo amawadziwa kale. Akamakuvutitsani kuti mum'gulire bandulo amanena ma MB ndi ma GB. Mega ndi miliyoni, giga ndi biliyoni. Pa mita n'chimodzimodzi, megamita imodzi ndi mamita 1,000,000, kapena kuti makilomita 1,000.

Kondwani IT: Bwana, koma 1 GB ndi 1,024 MB.

Aphunzitsi Mbewe: Pa makompyuta ena amawerengadi choncho chifukwa cha masamu a ma 2. Pa mita palibe zimenezo, ndi 1,000 ndendende. Musandisokonezere mwana usiku uno, a Kondwani.

Kondwani IT: Ndakhala pansi 🙏 Koma ndionjezere kamodzi. Asamale ndi zilembo. mm ndi milimita, Mm ndi megamita. Kusiyana kwake ndi ka 1,000,000,000. Foni imakonda kukuza yokha chilembo choyamba, ndiye munthu umalemba kuti kwagwa mvula ya 30 Mm osazindikira kuti walemba makilomita 30,000.

Yohane wa Kabaza: Imeneyo ngakhale Nowa sakanapulumuka.

Alangizi Nkhoma (Bembeke): Ndabwera mochedwa koma ndawerenga zonse. A Gama akuti izi n'za sukulu, koma ife kumunda zimatipweteka chaka ndi chaka. Timauza alimi kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando a chimanga masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Funso limabwera loti, pa hekitala ndidzala mapando angati kuti ndidziwe mbewu yogula? Wina amangochulukitsa 75 ndi 25, apeza 1,875, kenako agawa 10,000 ndi 1,875 n'kupeza mapando asanu pa hekitala yonse. Wasakaniza masentimita ndi mamita. Akanayamba wasintha: 0.75 × 0.25 ndi 0.1875. Hekitala ndi mamita 100 m'litali, 100 m'lifupi, yonse 10,000. Kugawa 10,000 ndi 0.1875 ndi mapando 53,333. Pa ekala ndi pafupifupi 21,600.

Aphunzitsi Mbewe: Alangizi mwakhudza msampha waukulu. Pa malo, maziro amawirikiza kawiri. Mita ndi masentimita 100, koma bwalo la mita imodzi mbali zonse lili ndi timabwalo ta sentimita 10,000, chifukwa ndi 100 × 100. Make Chisomo, muuzeni alembe pachikuto cha kope.

Alangizi Nkhoma (Bembeke): Ya mvula ija ndionjezerenso. A zanyengo akati kwagwa mamilimita 30, anthu amaderera poti pa rula ndi masentimita atatu okha. Koma milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa bwalo lililonse la mita imodzi. Mamilimita 30 pa hekitala ndi malita 300,000. N'chifukwa chake m'minda ya m'mapiri kuno mizere yoloza kumunsi imakokoloka usiku umodzi.

Bambo Gama wa Matabwa: Chabwino, mwandigonjetsa pa jumbo ndi pa mizere. Koma mega, giga, tera zija pa mita, ndani amayeza nazo? Sindinamvepo wina akuti ku Johannesburg ndi mamegamita akuti.

Aphunzitsi Mbewe: Pamenepo mukunena zoona, anthu sanazizolowere. Ngakhale a zakuthambo amangoti mwezi uli pa makilomita 384,400, dzuwa pa makilomita pafupifupi 150,000,000. Koma pamayeso mwana adzauzidwa kuti asinthe mtunda wa dzuwawo ukhale mamita: 1.5 × 10⁸ km, kuonjezera maziro atatu, 1.5 × 10¹¹ m. Akagawa ndi liwiro la kuwala, mamita pafupifupi 3 × 10⁸ pa sekondi, apeza masekondi 500. Ndiye kuti kuwala komwe kumatiotcha pamutu kunanyamuka kudzuwa mphindi 8 ndi masekondi 20 zapitazo. Akasiya makilomita osasintha, apeza theka la sekondi, ndipo ambiri amalemba theka la sekondilo mosakayika n'komwe.

Make Chisomo: Koma mita yeniyeniyo anaitenga kuti? Bambo ake a Chisomo akuti ndi kutalika kwa mkono wa mfumu ina ya ku Ulaya.

Aphunzitsi Mbewe: Auzeni kuti lero si tsiku lawo 😄 Mita inayambira ku France m'zaka za m'ma 1790, ndipo cholinga chake chinali kuthetsa miyeso ya mikono ndi mapazi yomwe inkasiyana dera ndi dera. Anagwirizana kuti atenge mtunda wochoka kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kukafika pa equator, kudzera ku Paris, augawe ka 10,000,000. Gawo limodzi ndiye mita. Akatswiri awiri, Delambre ndi Méchain, anayeza kuchokera ku Dunkirk mpaka ku Barcelona kuti awerengere mtunda wonsewo. N'chifukwa chake kuzungulira dziko lonse ndi pafupifupi makilomita 40,000, sizinangochitika mwamwayi. Kuyambira 1983 mita imatengedwa pa kuwala: ndi mtunda womwe kuwala kumayenda, m'malo opanda mpweya, pa gawo limodzi la magawo 299,792,458 a sekondi.

Kondwani IT: Ndipo mu 2022 anaonjezera maina ena anayi, ronna ndi quetta kumtunda, ronto ndi quecto kumunsi. Quetta ndi 1 wotsatana ndi maziro 30.

Admin Soko: A Kondwani, paja munati mwakhala pansi.

Tiyamike (Labu): Ine ndibwerere kumunsi, chifukwa a Gama akuganiza kuti maikulomita ndi ya m'mabuku. Ndimakhala nayo tsiku lonse pa maikulosikopu. Selo yofiira ya magazi ndi mamaikulomita 7 kapena 8 m'mimba mwake. Mutawandandika pamzere, maselo oposa 120 akwana pakati pa timizere tiwiri ta milimita pa tepi yanu ija. Kachilombo ka malungo kamakhala mkati mwa selo imodzi yoteroyo, kamaoneka ngati kamphete kokhala ndi kadontho kofiirira. Ka TB ndi kotalika mamaikulomita 2 mpaka 4. Ka corona kaja ndi pafupifupi mananomita 100, omwe ndi 0.1 ya maikulomita, moti pa maikulosikopu athu wamba sitingakaone ngakhale titapukuta galasi bwanji.

Bambo Gama wa Matabwa: Ndiye nthawi ya corona ija munkaona chiyani?

Tiyamike (Labu): Sitinkayang'ana ndi maso, malume. Mayeso ake ndi a mtundu wina, amafufuza zizindikiro za kachilomboko ndi mankhwala.

Yohane wa Kabaza: Aphunzitsi, ine langa ndi ili. Majumbo a Nachisale aja, kuwaunjika kuti afike pamwamba pa phiri la Dedza, angafunike angati?

Aphunzitsi Mbewe: Funso labwino kuposa momwe mukuganizira, a Yohane. Chisomo alitenge ngati lachitatu, ine sindiyankha. Phiri la Dedza ndi mamita 2,198. Pepala limodzi la jumbo ndi ma micron 60. Tiyeni timuone.

Make Chisomo: Akulemba. Akuti 2,198 m ndi 2,198,000 mm, kenako 2,198,000,000 µm. Wagawa ndi 60, wapeza 36,633,333. Akuti amenewo ndi mapepala, majumbo ndi theka lake, pafupifupi 18,300,000.

Aphunzitsi Mbewe: Wakhoza, ndipo za theka zija sindinam'kumbutse. Akagone.

Alangizi Nkhoma (Bembeke): Ndikanepo pang'ono. 2,198 imeneyo amawerengera kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, osati kuchokera pa boma. Tauni ya Dedza yokha ili kale pa mamita pafupifupi 1,600, n'chifukwa chake June timagona ndi majuzi. Kuyambira pa depoti kukafika pansonga ndi mamita cha m'ma 600 basi. Majumbo a Yohane achepa, akhala cha pa 5,000,000.

Yohane wa Kabaza: Ndimadabwatu kuti makilomita awiri opita m'mwamba ana a sukulu amakwera bwanji Loweruka limodzi n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Admin Soko: Poti tafika pa phiri, wina andithandize za mapu. Ndili ndi mapu akale a boma olembedwa 1:50,000. Ndikufuna kudziwa mtunda wochoka kumudzi kwathu kukafika pamsewu wa M1. Pa mapu ndayeza ndi ulusi motsata kanjira, ndapeza masentimita 13.

Aphunzitsi Mbewe: Sentimita imodzi pa mapuwo ndi masentimita 50,000 pansi. Kugawa ndi 100 ndi mamita 500. Ndiye masentimita awiri alionse ndi kilomita imodzi. 13 yanuyo ndi makilomita 6.5. Koma mapu saona zitunda, miyendo idzakuuzani zoposa pamenepo.

Admin Soko: Agogo ankati ndi mamailosi anayi.

Aphunzitsi Mbewe: Mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Anayi ndi 6.4. Agogo anu ankadziwa njira yawo.

Nachisale wa ku Lizulu: Ndabwera nazo. Ndawerenga majumbo 50 abuluu aja timaikamo tomato, ndawapanikiza pakati pa matabwa awiri a pabenchi, mwana wagwira rula. Sakufika n'komwe pa mamilimita awiri. Akuda akuluakulu a kachewere aja akwana pafupifupi anayi.

Tiyamike (Labu): Ndiye abuluuwo ndi osakwana ma micron 20, akudawo ndi cha pa 40. Onse ali pansi pa 60.

Nachisale wa ku Lizulu: Mayo ine. Ndipo mnyamata wake anachita kulumbira kuti akudawo ndi a boma. Ndili nawo mabandulo atatu.

Aphunzitsi Mbewe: Rula ikhoza kuphonya ndi theka la milimita, koma kuchoka pa 4 kufika pa 6 ndi patali, sikungakhale kuphonya kwa rula. Ulendo wina muziyeza asanalandire ndalama. Majumbo 25 okha akukwanira, afike mamilimita atatu.

Bambo Gama wa Matabwa: Nachisale, ndili ndi vernier, kachipangizo koyezera kukhuthala kwa zinthu, kushedi kuno, imawerenga mpaka 0.1 mm. Lachisanu ndikupita ku Ntcheu kukasiya mafelemu, ndiima pa Lizulu tidzayezere limodzi. Mnyamata wa majumboyo amabwera tsiku lanji?

Nachisale wa ku Lizulu: Lachisanu lomwelo, cha m'ma 9 koloko. Mudzandipeza mbali ya kuno ku Malawi, pafupi ndi ogulitsa anyezi. Ndiuzanso amayi anzanga abwere ndi awo.